Imelo yadzaza: mafunso ndi mayankho pa za ma atachimenti ndi malo osungira

Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kupulinta pa Chitakale, ndipo sabata siitha osabwera munthu foni ili m'manja akuti, "Achimwene, imelo yanga yasiya kulandira, tandionereniko." Aphunzitsi, makalaliki a kumaesiteti a tiyi, anyamata operekeza alendo kuphiri, ana omaliza Fomu 4 ofunsira malo ku koleji, onsewa mafunso awo amafanana. Ndawasonkhanitsa pano kuti amene muli kutali, ku Limbuli, ku Luchenza kapena ku Thekerani, musawononge ndalama yoyendera pa chinthu choti mukhoza kukonza nokha mutakhala pakhonde. Ndakamba kwambiri za Gmail chifukwa ndiyo imene pafupifupi aliyense wa foni ya Android ali nayo.

Kodi atachimenti ndi chiyani kwenikweni?

Ndi fayilo imene munthu wamangirira ku kalata ya pa imelo: CV, satifiketi, lisiti, chithunzi, nyimbo kapena vidiyo. Kalata yotere mumaizindikira ndi kachizindikiro konga kawaya kopanira mapepala, kapena dzina la fayiloyo limaoneka pansi pa mutu wa kalata. Mawu a m'kalata salemera kanthu. Cholemera ndi katundu womangiriridwayo, monga njinga ya kabaza imalemera ndi matumba a zinanazi, osati ndi kapepala kamene kali m'thumba la woyendetsa.

Foni ikundiuza kuti malo atha. Akunena malo a m'foni kapena a imelo?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndiye timvetsetsane kaye. Nkhokwe zilipo ziwiri. Yoyamba ndi foni yanuyo, mmene mumakhala nyimbo, mavidiyo a pa WhatsApp ndi zonse zimene munatsitsa. Yachiwiri ili pa intaneti, m'makompyuta a Google, ndipo mmenemo ndi mmene makalata anu amakhala. Foni imangokuonetsani makalatawo. Ngakhale itagwera m'madzi lero, makalata anu alipobe.

Ngati foni ikukana kujambula chithunzi kapena kuika apu yatsopano, yadzaza ndi foni. Tsegulani foda ya Download ndi ya WhatsApp, muchotse zosafunika. Koma ngati uthengawo ukutuluka mkati mwa Gmail ndipo ukutchula 15 GB, yadzaza ndi akaunti. Pamenepo ngakhale mutagula memore khadi, ngakhale foni yatsopano, palibe chisinthe.

Ndili ndi malo ochuluka bwanji, ndipo ndingaone pati kuti atsala angati?

Akaunti iliyonse yaulere ya Google ili ndi 15 GB. Gmail itayamba mu 2004 inkapereka 1 GB ndipo anthu ankaona ngati ndi yosatha, koma nthawi imeneyo kunalibe mafoni ojambula mavidiyo. Chofunika kudziwa n'chakuti 15 GB imeneyi si ya makalata okha. Imagawidwa pakati pa Gmail, Google Drive (yosungira mafayilo) ndi Google Photos (yosungira zithunzi ndi mavidiyo), ngati ana atatu odyera mbale imodzi. Mmodzi akakhala wadyera, enawo amagona ndi njala.

Kuti muone, tsegulani apu ya Gmail, mudine kachithunzi kanu kapena chilembo cha dzina lanu pakona yakumanja kumwamba. Muona kuchuluka kwa malo amene mwagwiritsa ntchito. Kuti mudziwe amene akudya kwambiri mwa atatuwa, lembani one.google.com/storage mu Chrome. Musafufute kanthu musanaone tsamba limeneli.

Chimachitika n'chiyani malo akatheratu?

Simutha kutumiza kalata, ndipo choopsa koposa, simulandira. Makalata amene anthu akukutumizirani amabwerera kwa eni ake, inu osadziwa kuti munthu anakulemberani. Drive imakananso mafayilo atsopano, zithunzi zimasiya kusungidwa.

Anabwerapo aphunzitsi ena a cha ku Chisitu, atadikira mwezi wathunthu kalata yowaitana ku intavyu. Anzawo amene anafunsira nawo limodzi anali atalandira kale. Titatsegula imelo yawo, kalata yomaliza kulowa inali ya masabata asanu m'mbuyo, ndipo pamwamba panali uthenga wofiira umene ankaulambalala tsiku ndi tsiku poganiza kuti ndi zotsatsa malonda. Tinakonza pasanathe theka la ola, koma tsiku la intavyu linali litadutsa. Anakhala pa benchi panja kwa kanthawi osalankhula, kenaka anangoti, "Zikomo achimwene," n'kumapita. Nkhani imeneyi ndi imene inandichititsa kulemba tsamba lino.

Mukapeza malo, musadalire kuti makalata obwererawo abwera okha. Imbirani amene mukuganiza kuti anakulemberani, muwapemphe atumizenso. Google imanenanso kuti akaunti ikakhala yopitirira malire kwa zaka 2, ikhoza kufufuta zimene zili mkatimo.

Ndiyambe kufufuta makalata akale onse?

Ayi. Kumeneko n'kutunga madzi ndi dengu. Tiyerekeze kuti kalata ya mawu okha ikulemera 50 KB: muyenera kufufuta makalata 20,000 kuti mupeze 1 GB. Pamene makalata 50 okha a 20 MB iliyonse akupatsani 1 GB yomweyo. Ndaona anthu atakhala madzulo onse akudina kalata imodziimodzi ya Facebook, chala mpaka kuuma, malo osasuntha. Yambani ndi zolemera.

Nanga makalata olemerawo ndiwapeza bwanji pakati pa masauzande?

Gmail ilibe batani losanja makalata potsata kulemera kwake, koma ili ndi mawu apadera amene mumalemba m'kabokosi kofufuzira, pamwamba penipeni. Amagwira ntchito pa foni ndi pa kompyuta pomwe. Alembeni monga alili, osaika mpata pambuyo pa timadontho tiwirito.

Yambani ndi larger:20M. Atuluka makalata onse oposa 20 MB, ndipo kawirikawiri sakhala ambiri. Aoneni imodziimodzi. Mukamaliza lembani larger:10M, kenaka larger:5M, kutsika choncho ngati munthu wochokera ku Chambe, mpaka mutapeza malo okukwanirani. Ambiri safika n'komwe pa larger:2M.

Mukalemba has:attachment, atuluka makalata onse okhala ndi atachimenti, aakulu ndi aang'ono omwe. Pawokha mawu amenewa amatulutsa zambiri zedi, choncho aphatikizeni ndi ena, mutasiya mpata umodzi pakati. Mwachitsanzo has:attachment larger:5M older_than:2y ikupatsani makalata oposa 5 MB amene apitirira zaka ziwiri. Ngati mukufuna kudula pa tsiku lenileni, before:2022/01/01 itulutsa zonse za chaka cha 2022 chisanayambe.

Mukhozanso kusaka potsata mtundu wa fayilo. filename:mp4 ndi mavidiyo, filename:mp3 ndi nyimbo, filename:jpg ndi zithunzi, filename:pdf ndi zikalata, filename:zip ndi mafayilo omangidwa mtolo umodzi. Ine ndimayamba ndi mp4 nthawi zonse. Ndipo ngati mukudziwa munthu amene amakutumizirani zolemera, lembani from: n'kutsatiza imelo yake.

Mnyamata wina woperekeza alendo ku Likhubula anali ndi vuto limeneli. Alendo akabwerera kwawo amamutumizira zithunzi za pa Sapitwa ndi pa Dziwe la Nkhalamba, kalata iliyonse yodzaza mpaka pakamwa. Titalemba filename:jpg larger:10M, zinangoti mbwee, zaka zinayi za maulendo a kuphiri. Sanafune kuzitaya, ndipo ndinamumvetsa, chifukwa ndi zimene amaonetsa alendo atsopano. Tinazitsitsira pa fulashi, n'kusiya mu imelo zochepa zimene amazikonda kwambiri.

Ine sindilandira zinthu zikuluzikulu. Ndiye chikudya malo n'chiyani?

Onani kaye zimene munatumiza nokha. Kalata iliyonse imene mwatumiza imasiya kope mu Sent, ndipo kopeyo imadya malo. Mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi akatumiza lipoti lomwelo kwa anthu khumi, aliyense kalata yakeyake, ndiye kuti lipotilo lili mu akaunti yake kakhumi. Wofunsira ntchito amene watumiza masatifiketi ake kumalo 60 ali ndi makope 60. Lembani in:sent has:attachment larger:3M muone.

Koma kunena zoona, mwa anthu amene amabwera pashopu pano, ambiri wolakwa sakhala Gmail. Amakhala awiri awa.

Woyamba ndi Google Photos. Kuyambira pa 1 June 2021, zithunzi ndi mavidiyo atsopano amene foni ikukweza ku Google Photos amawerengedwa mu 15 GB ija. Ambiri anavomera bakapu, kutanthauza kusungitsa kope pa intaneti, tsiku limene ankatsegula foni yatsopano, osawerenga. Samalani apa: mukafufuta chithunzi mkati mwa apu ya Google Photos bakapu ili yoyatsa, chimachoka pa intaneti ndi m'foni momwe. Yambani mwakopera zithunzizo kwina, muzimitse bakapu, kenaka mukafufute kudzera pa photos.google.com. Batani lolembedwa Free up space limapeputsa foni, osati akaunti.

Wachiwiri ndi WhatsApp. Kale bakapu ya WhatsApp pa Android sinkawerengedwa, koma kuyambira kumapeto kwa 2023 ndi kumayambiriro kwa 2024 inayamba kulowa mu 15 GB yomweyo. Aphunzitsi aja ndawatchula pamwambapa, chimene chinatseka imelo yawo anali mavidiyo a kwaya ndi a maukwati a m'magulu a WhatsApp. Pitani ku Settings, Chats, Chat backup, muzimitse polembedwa Include videos, muchotse mavidiyo osafunika m'magulumo, kenaka mupange bakapu yatsopano.

Ndingachotse atachimenti yokha, kalata n'kutsala?

Mu Gmail sizitheka. Kalata ndi katundu wake zimapitira limodzi. Koma njira yozembera ilipo. Tsegulani kalatayo, mudine Forward, muchotse atachimenti podina kamtanda kali pambali pake, mudzitumizire nokha. Mukatero mawu, tsiku ndi dzina la wotumiza zatsala m'kalata yatsopanoyo. Kenaka fufutani yakale ija.

Chenjezo: Gmail imamanga pamodzi makalata a nkhani imodzi. Mukadina batani la chinkhokwe cha zinyalala pamwamba, mtolo wonse upita, kuphatikizapo imene mwangodzitumizirayo. Kuti mufufute imodzi yokha pa kompyuta, dinani timadontho titatu tili pambali pa kalata imeneyo, osati ta pamwamba pa tsamba.

Amene mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya Outlook pa kompyuta ya kuofesi muli ndi mwayi, chifukwa ili ndi Remove Attachment.

Zimene ndikufuna kusunga ndiziike kuti? Pa Google Drive pali bwino?

Pa Drive ya akaunti yomweyo simunapulumutse kanthu, chifukwa mbale ndi imodzi ija. Mukadina kachizindikiro ka Drive pa atachimenti, fayiloyo imakhala pawiri mpaka mutafufuta kalatayo. Phindu lake n'lakuti pa Drive mumasunga kope imodzi yosanjidwa bwino m'malo mwa makope ambirimbiri, komanso fayilo ikakhala mu imelo imalemera kuposa kukula kwake kwenikweni ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa cha mmene imelo imanyamulira mafayilo.

Kuti malo apezeke ndithu, tsitsirani pa kompyuta, pa fulashi kapena pa memore khadi. Mukatsitsa, tsegulani fayiloyo muone ngati ikutseguka musanafufute kalata. Netiweki ikadukira pakati, fayilo imabwera yoduka. Ndipo chinthu chofunika chisakhale pa fulashi imodzi yokha. Kuno chinyezi cha chiperoni chimaononga zinthu, mafulashi otchipa amafa osatsanzika, ena amatenga mavairasi m'makompyuta a m'mashopu.

Wofuna kutenga makalata onse nthawi imodzi apite pa takeout.google.com. Amabwera mu fayilo ya mtundu wa MBOX, imene imatseguka ndi pulogalamu monga Thunderbird. Imeneyi ndi ntchito ya pa kompyuta ndi Wi-Fi, osati ya bandulo ya pa foni.

Ndi ziti zimene sindiyenera kufufuta?

Masatifiketi a sukulu, chiphaso cha unzika, laisensi, makalata olembedwera ntchito, mapepala a malo, makontirakiti, malisiti a fizi ndi a msonkho, makalata a kuchipatala. Zimenezi n'zopepuka, sizimene zadzaza akaunti yanu, ndipo imelo ndi malo abwino ozisungira. Namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023, kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo anthu anataya nyumba pamodzi ndi mapepala onse. Pashopu pano anafika ena amene kope yokhayo ya satifiketi ya MSCE imene inatsala inali mu Sent, pa kalata yofunsira ntchito ya zaka zapitazo. Kuyambira pamenepo, munthu akandiuza kuti "ingofufutani zonse", ndimakana.

Chimene ndimalangiza ndi ichi. Musanayambe kusesa, pezani kope imodzi yooneka bwino ya chikalata chilichonse, muiike nyenyezi podina kachizindikiro ka nyenyezi, kapena muipatse lebulo yakuti Zofunika. Posaka zoti mufufute, onjezani -is:starred kumapeto, kachizindikiro kochotsera kali kutsogoloko, kuti za nyenyezizo zisatuluke nawo. Makope enawo achotseni mtima uli m'malo.

Ndafufuta zambiri koma malo sanasinthe. Ndalakwitsa pati?

Simunakhuthule zinyalala. Kalata yofufutidwa imapita mu Trash, mafoni ena amalemba Bin, ndipo imakhala mmenemo masiku 30 ikudyabe malo. Dinani timizere titatu kumanzere kumwamba, mutsegule Trash, muyang'ane komaliza ngati mulibe chofunika, kenaka mudine Empty trash now. Chitani chimodzimodzi ndi Spam. Drive ndi Photos zili ndi Trash yakeyake, muzikhuthule paderapadera.

Mukatero nambala ija nthawi zina imachedwa kusintha, makamaka mukachotsa zambiri nthawi imodzi. Ipatseni tsiku, mwina awiri kapena atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga Archive siithandiza?

Ayi. Archive imangochotsa kalata pamaso panu n'kuiika mu All Mail. Kulemera kwake kulipobe.

Ndafufuta kalata yofunika molakwitsa. Ibwerera?

Ngati masiku 30 sanathe ndipo simunakhuthule Trash, ilipo. Itsegulireni mu Trash, mudine timadontho titatu, Move to, musankhe Inbox. Ngati munakhuthula, itengeni kuti yapita, ndipo njira yachidule ndi kupempha amene anakutumizirani, chifukwa kope yake ili mu Sent mwake. N'chifukwa chake pa kompyuta ndimaopa mzere uja wolembedwa Select all conversations that match this search. Umasankha zonse, ngakhale zimene simunazione ndi maso. Ugwiritseni ntchito pa zinthu monga category:promotions basi, osati pa ma atachimenti.

Ntchito imeneyi idya bandulo yochuluka bwanji?

Kusaka ndi kufufuta kumadya pang'ono kwambiri, chifukwa mukungotumiza lamulo. Chodya bandulo ndi kutsegula ndi kutsitsa: fayilo ya 20 MB idya 20 MB ya bandulo yanu, kaya muli pa Airtel kaya pa TNM. Choncho musatsegule vidiyo iliyonse kuti muone kuti ndi yanji; dzina la wotumiza, tsiku ndi mutu wa kalata zikuuzani kale. Zotsitsa zikakhala zambiri, dikirani mukafike pamene pali Wi-Fi, foni ili ndi moto wokwanira.

Ndalandira imelo yakuti malo anga atha, ndidine linki. Ndi yoona?

Musadine. Google imatumizadi machenjezo, koma akuba amatengera maonekedwe ake kuti mulembe pasiwedi kapena nambala ya khadi la kubanki pa tsamba lawo. Tsekani kalatayo mukaone nokha pamene ndafotokoza pa funso lachitatu. Ngati malo athadi, muona pomwepo. Ndipo wina akakuimbirani kuti mumutumizire ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti akuonjezereni malo a Gmail, ameneyo ndi mbava.

Ndigule malo ena, kapena nditsegule akaunti yachiwiri?

Google imagulitsa malo owonjezera kudzera mu Google One, monga 100 GB, ndipo mumalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Kwa wojambula zithunzi za maukwati kapena ofesi yotumiza zikalata tsiku lililonse, n'zomveka. Kwa mphunzitsi kapena mlimi, ine sindiona chifukwa. Mwezi umene mwalephera kulipira mumabwerera pa 15 GB, katundu ali woposa pamenepo, ndipo imelo imatsekekanso.

Akaunti yachiwiri ndi yaulere ndipo imabwera ndi 15 GB yake. Ambiri ndimawalangiza kuti bakapu ya WhatsApp ndi zithunzi aziike ku akaunti yachiwiri, yoyamba itsale ya makalata. Koma lembani pasiwedi pamalo obisika, muikeponso nambala ya foni imene simuisintha. Anthu otaya akaunti chifukwa simu inatayika ndi ambiri kuposa amene akaunti inawadzazira. Muziitsegulanso mwa apo ndi apo, chifukwa akaunti yosagwiritsidwa ntchito kwa zaka 2 Google ikhoza kuifufuta.

Ine yanga si Gmail. Zimenezi zikundikhudza?

Nzeru yake ndi yomweyo, mabatani ndi amene akusiyana. Outlook.com ndi Hotmail zimapereka 15 GB ya makalata, koma kuyambira February 2023 ma atachimenti amawerengedwanso mu 5 GB yaulere ya OneDrive, nkhokwe ya mafayilo ya Microsoft, choncho imatha kutsekeka makalata asanafike patali. Ubwino wake, Outlook imalola kusanja makalata kuyambira wolemera kwambiri. A iPhone, iCloud yaulere ndi 5 GB, yogawana makalata, zithunzi ndi bakapu ya foni.

Imelo ya kuntchito kapena ya kusukulu, malo ake amaika ndi oyang'anira makompyuta a kumeneko. Ophunzira a ku MUST ndi makoleji ena amene mumadutsa pano, musasunge zinthu zanuzanu mu imelo ya sukulu yokha. Si yanu mpaka kalekale. Zitumizeni ku imelo yanu musanamalize maphunziro.

Ndingatani kuti isadzadzazenso?

Chepetsani zimene mukutumiza. Gmail imalola ma atachimenti okwana 25 MB pa kalata imodzi, zikaposa imaziika pa Drive n'kutumiza linki, koma 25 MB si cholinga choti muzifikapo. Satifiketi siyenera kulemera 8 MB. Popanga sikani uzani wa pashopu aike pa 150 kapena 200 dpi, ndipo zikalata za mawu okha zikhale zopanda mitundu. Apu ya Google Drive ili ndi sikani yakeyake imene imasandutsa pepala kukhala PDF yopepuka kuposa chithunzi cha kamera. Wolandirayo nayenso akuyamikani, chifukwa bandulo yake ndi yogula.

Fayilo yopita kwa anthu ambiri itumizeni kamodzi, mayina onse pa kalata imodzi, kapena muiike pa Drive n'kugawa linki. Fayilo imene wina wakugawirani pa Drive imadya malo a mwini wake, osati anu. Makalata otsatsa malonda ali ndi Unsubscribe pafupi ndi dzina la wotumiza. Ndipo pakatha miyezi itatu iliyonse lembani larger:5M muone zimene zalowa.

Ndikagwiritsa ntchito kompyuta ya pashopu potsitsa ma atachimenti, ndisamale chiyani?

Pasiwedi lembani nokha, ndipo Chrome ikafunsa ngati iisunge, kanani. Zimene mwatsitsa zimatsala mu foda ya Downloads ya kompyutayo, choncho mukazikopera pa fulashi zifufuteni, mukhuthulenso Recycle Bin muli pomwepo. Ine madzulo aliwonse ndikamatseka ndimapeza ziphaso ndi masitetimenti a kubanki a anthu ali mbwee mu foda imeneyi, ndipo ndimazichotsa, koma si shopu iliyonse imene imatero. Pomaliza dinani kachithunzi kanu pakona, Sign out. Ngati mwakumbukira muli kale mu minibasi ya ku Muloza kuti simunatuluke, tsegulani myaccount.google.com pa foni, mupite ku Security, pa Your devices, musankhe kompyutayo, mudine Sign out.